Makoluna Aatali ndi Khutu la Ababa

Ababa anayamba kugontha pang'onopang'ono, koma kuvomera ayi. Ukawauza kuti mbuzi zalowa m'munda, ankayankha kuti, "Eya, ndadya kale." Ife tinkasekera kuseri. Kusekako kunalekeka m'chaka chimene anamwalira bambo wa kutsidya kwa nyanja ya Chiuta, amene anatisunga ku Malawi nthawi ya nkhondo. Bamboyo anatidulira munda wake womwe, ndipo mkazi wake ankandibereka ine kumsana ngati wobala yekha. Uthenga wa malirowo unalengezedwa pa wailesi, wailesiyo ili pamwendo pa ababa, koma iwo sanatolepo kanthu. Anthu aja ndi Asilamu, sachedwa kuika maliro. Pamene wogula nsomba wina ankatiuza, pamanda panali patamera kale udzu.

Manyazi anawadwalitsa ababa. Chakudya ankangochiyang'ana. Tsiku lina anandiitana n'kunena kuti, "Akadzapita mayi ajanso ine osamva, mudzangondikwirira wamoyo." Mayiwo anali odwaladwala, tonse tinkadziwa. Za foni musanene n'komwe. Manambala a kutsidya amafa ngati nkhuku za chitopa, ndipo ngakhale ikanalira, ababa sakanaimva.

Ine ndimagulitsa nsomba zouma pa Entre Lagos. Popita pamsika ndinkadutsa pa loja, kapena kuti sitolo, ina yodzaza masipika aatali oima okha pansi, amene kwathu timati makoluna. Ankalira mpaka kuphimba kulira kwa sitima. Ndiye ndinati mumtima, chinthu chogonthetsa msika wonse chingalephere khutu limodzi la nkhalamba? Ndinawakweza ababa panjinga yamoto kuti akasankhe ndi makutu awo, poti makutuwo ndi amene anali odwala.

Mwini loja anali bambo wovala magalasi akuda m'nyumba, mwina poopa kuona nkhope za anthu amene wawagulitsa katundu.

"Ndikufuna makoluna otulutsa mawu," ndinatero.

"Achemwali, mwafika! Mawu ndiye kwawo n'kuno."

Anabaya kamemori, n'kupotokola. Mayo ine! Zitini pashelefu zinayamba kuvina, fumbi kugwa kudenga, m'chifuwa mwanga muli di! di! di!

"Ndati mawu!" ndinakuwa.

"Nanga si amenewa?"

"Mawu a munthu, bambo inu! Munthu wolankhula!"

Vuto la chilankhulo chathu ndi limeneli. Ng'oma ili ndi mawu, gitala ali ndi mawu, munthu nayenso ali ndi mawu, ndiye ine ndi wogulitsayo tinkatchula chinthu chimodzi koma aliyense ali panjira yake. Iye ankadziwa makoluna a paukwati ndi a m'mabala. Woti agule makoluna kuti azimverapo zamaliro anali asanamuonepo, ndipo anandiyang'ana ngati ndapempha mchere kuchipatala. Ndinakakamira mpaka anasakasaka wailesi pa chipangizo chake, akung'ung'udza kuti ndikumuthawitsira makasitomala. Tinapeza bambo wina akulankhula za katemera wa ziweto.

Tinayamba ndi makoluna amagetsi ophethira, ofiira ndi obiriwira. Ababa anayandikira, n'kuika chikhatho pabokosi.

"Eya, awa ndikuwamva bwinobwino."

"Wanena chiyani munthuyo, ababa?"

"Za boma."

Tinayesa ena akuda bii, a kukamwa kwakukulu ngati beseni. Chikhatho pabokosi, mutu kugwedeza. Za boma. Mwini loja anaomba m'manja. "Mwaona, achemwali? Madala akumva. Awa ali ndi potensiya, mphamvu zenizeni!" Ndinazindikira kuti ababa akumvera ndi dzanja, kunjenjemera kwa thabwa akukuyesa kumva, ndipo pamaso pa anthu sakanavomera zoti makutu anapita.

Anthu a pamsika sasowa pa zinthu zosawakhudza. Anadzazana pakhomo, aliyense ndi nzeru zake. Wina anati koluna wabwino ndi wolemera, ndimunyamule. Wina anati ndigogode m'mbali, akalira ngati mgolo wopanda kanthu ndimusiye. Winanso anati ndiwerenge pakamwa, pochuluka ndiye pabwino. Ndinanyamula, ndinagogoda ngati ndikusankha mavwende, thukuta lili kamukamu, koma palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa ngati nkhalambayo yamva.

Pakona panali makoluna ena oonda, amtundu wa thabwa, opanda magetsi. Wogulitsa anati amenewo munthu wina anawabweza, akuti sagunda. Ndinati alumikize omwewo. Analumikiza monyinyirika. Ababa anali chiimire pafupi, khutu lawo litayang'anizana ndi kasipika kakang'ono ka pamwamba. Anakwinya nkhope, kenako anati, "Akuti ng'ombe zibayidwe jekeseni."

Ndinatsala pang'ono kululutira. Koma ababa omwewo ndi amene anayamba kukana. Akuti oondawo ndi onyozeka, anthu aziti mwana wawo wasauka, iwo akufuna amagetsi aja. Mwini loja naye anaikira kumbuyo, khamu lija n'kuvomereza. Ndinakangana ndi msika wonse ndekhandekha, ndipo ndinapambana chifukwa mkamwa mwanga simuuma malovu. Tinawakulunga m'zitenje, kuwamanga ndi mphira panjinga ina, ulendo wa ku Chiuta.

Kunyumba ndinawalumikiza kuwailesi ya ababa ndi kubatire ya sola, n'kuwaimika m'mbali mwa zenera. Apa ndiye ndinaona kuti ndalemba m'madzi. Ababa sakhala pampando, chiuno chimawawawa. Malo awo ndi pamphasa. Kasipika ka mawu kaja kanali m'mwamba, mawu n'kumawadutsa pamutu, iwo n'kumangolandira kugunda kwa m'munsi. Ndinawapempha kuti aziimirira nthawi ya mauthenga a maliro, anati iwo si msilikali. Ndinagoneka koluna mmodzi pansi kuti kasipikako kafike pakhutu pawo. Anadzambatuka ngati aona njoka.

"Bokosi lalitali kuligoneka m'nyumba mwanga ine ndili moyo? Mukundilodza? Imikani msanga!"

Ndinaimika. Chimene chinatsala n'kungokweza mpaka pomaliza. Ndipo anthu ankamvadi. Ankamva a kuseri kwa mpanda, ankamva oyanika nsomba kudooko, ankamva amayi pachitsime. Ndikachedwa kutsegula, ankatumiza mawu kuti nthawi ya mauthenga yakwana. Ndinagulira mudzi wonse wailesi, kupatula munthu mmodzi amene ndinamugulira. Zinkandiwawa kwambiri, makamaka ndikawaona ababa atakhala phee, chikhatho pabokosi, akumwetulira.

Tsiku lake linafika m'mamawa wina, ine ndikutembenuza nsomba pathandala kuseri kwa nyumba. Ndinamva dzina la mudzi wa kutsidya, kenako dzina la mayi aja, kenako kuti mwambo woika ndi tsiku lomwelo dzuwa likapendeka. Ndinasiya nsomba pomwepo. Pamene ndinkazungulira nyumba, amayi oyandikana nafe anali akubwera kale mmodzimmodzi, n'kumakhala pakhonde osalankhula. Onse anali atamva.

Ndinalowa. Ababa anandiyang'ana mokondwa.

"Akuti mvula ibwera msanga chaka chino."

Kwathu imfa sitiilengeza mokuwa. Umakhala pansi, umazungulira, umatsitsa mawu. Ndipo mwana sakwezera bambo ake mawu. Ndinazimitsa wailesi, n'kugwada pambali pawo.

"Ababa, amayi a kutsidya atisiya."

"Atani?"

"Atisiya, ababa."

"Afika? Ali kuti? Gwirani nkhuku!"

Anayamba kufufuza malaya awo abwino. Ndinayang'ana makoluna aja ali njo! ngati alonda awiri opanda ntchito, mtima n'kufuna kuwaponya m'nyanja. Nthawi inali ikutha. Ndinagwira mutu wa ababa ndi manja awiri, kuika pakamwa panga pakhutu pawo, n'kukuwa ndi mphamvu zanga zonse.

"Amwalira!"

Amenewonso mudzi wonse unamva. Pakhonde panabuka kulira. Ababa anavala malaya aja, kenako anati, "Bwato lipezeke."

Tinawoloka, ndipo tinapeza asananyamule maliro. Ababa anayenda ndi amuna anzawo mpaka kumanda, anathira dothi ndi dzanja lawo, ana a malemuwo akuwaona. Tinabwerera pabwato lomwelo. Tili pafupi kukocheza anandigwira mkono.

"Makoluna aja munasankha bwino, mwanangu. Pakanapanda iwo sindikanamva."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze chilungamo chake, koma kukhosi kunali kukuwawabe ndi kukuwa kuja. Ndinangogwedeza mutu kuti eya, ngati mmene amachitira iwo.