Mabafa a Kunyumba Yachifumu

Anagogoda Lachiwiri m'mawa, ndikumanga zingwe za nsapato. Anali amuna atatu ovala wamba. Wamkulu wawo anandipatsa moni mwaulemu, nkundiuza kuti nditenge foni yanga tikacheze pang'ono.

Ntchito yanga inali yokonza mipope ya madzi. Kampani yathu inatituma ku nyumba ina yachifumu ya paphiri, momwe mwini wake ankagonamo kawiri kapena katatu pachaka. Tinazula mabafa oti munthu sanasambiremo, nkuikapo ena ochokera kunja. Panja madzi ankathirira kapinga tsiku lonse. Mwezi womwewo mkazi wanga anachira pa chipatala cha m'munsi mwa phirilo, pomwe mipope inali youma. Madzi ndinkamutungira m'chigubu. Mwana wathu anangokhala masiku awiri. Titaika maliro, ndinabwerera kuntchito, ndinajambula mabafa aja nkutumiza zithunzi kwa mtolankhani.

Anandisunga masiku asanu ndi anayi m'chipinda chopanda zenera. Wondifunsa mafunso anali waulemu uja, ndipo sankakweza mawu. Ankafuna kudziwa amene anandituma. Nditamuuza kuti palibe, anafunsa dzanja lomwe ndinagwirira foni pojambula. Ndinamuonetsa lamanja. Zala zitatu za dzanja limenelo sizipindanso.

"Nyumba ija ndi ulemu wa dziko," anatero tsiku lomaliza. "Iwe ndiwe yani woti uziwerenga mabafa ake?"

Kundende ndinakhalako chaka ndi miyezi iwiri osaonekera kukhoti. Tinkagona chokhala, wina pakati pa miyendo ya mnzake. Mkazi wanga ankabwezedwa pageti ndi chakudya chili m'manja. Lachisanu lina, nyengo ya dzinja, woyang'anira akaidi anandiitana nkunena kuti fayilo yanga yasowa, ndizipita. Palibe anapepesa.

Mlongo wanga, yemwe ndi namwino kuno ku Dublin, ndiye anatithandiza kubwera. Tikukhala ku Coolock, ndipo ndimakolopa ku eyapoti. Sipanala sindingathenso kuigwira.

Mwezi watha ndili m'basi popita kushifiti, kunabwera uthenga wochokera pa nambala yakwathu yomwe sindinkaidziwa. Anali wondifunsa mafunso uja. Zinthu zitasintha anamuchotsa ntchito. Analemba kuti mwana wake wamkazi wapeza malo pa yunivesite ina kuno koma akusowa pokhala, ndiye anamva kutchalitchi kuti tili ndi chipinda.

"Achimwene, zakale zinapita. Tonse tinali pantchito."

Ndinawerenga kanayi. Ndinamuyankha kuti chipinda tilibe. Mwanayo sanandilakwire, ndipo nditakumana naye panjira ndingamulozere basi ngati mwana wina aliyense. Koma Loweruka la sabata yomweyo ndinakhala pansi ndi mkazi wanga, ine ndikunena, iye akulemba: tsiku lililonse la m'chipinda chopanda zenera chija, mawu ake onse, ndi dzina lake lonse. Tinatumiza kwa loya wina wa kwathu, pamodzi ndi uthenga wakewo.

Abusa athu akuti ndikhululuke kuti mtima wanga umasuke. Ndinawauza kuti kundende ndinkavomera chilichonse, ngakhale kuthokoza wondimenya, ndipo ufulu umene ndaupeza kuno ndi woti ndikhoza kukana. Pano sindimutchula dzina. Ndikufuna lidzatchulidwe m'khoti, iye ataimirira, mwana wake akumva. Kudikira anandiphunzitsa okha.