Kuotcha Ailishi ku Ireland

Chaka chimene ndinapita ku Ireland kukawonjezera maphunziro a unamwino, ndinkapemphera pa parishi ina yaing'ono kunja kwa tauni. Kumeneko kunali gulu la atsikana a misinkhu ya sitandade sikisi ndi seveni, ndipo ankaliyang'anira mayi ena aatali, aimvi, oyenda ngati achedwa nthawi zonse. Lamulungu lina Misa itatha anandiimitsa pakhomo.

"Loweruka tikupita ndi atsikana kukagona kutchire," anatero. "Madzulo timasonkha moto. Mungatitsogolere? Anthu a ku Africa za moto ndi nyimbo mumazidziwa."

Ndinavomera, ngakhale kwathu ku Chongoni palibe amene anandipemphapo kuyambitsa nyimbo. Kwaya ya ku Kasina inkandiimika kumbuyo, pafupi ndi zenera.

Kutchire kwakeko kunali mpanda, zimbudzi zamadzi ndi malo oimikapo magalimoto. Nkhuni zinali zogula m'sitolo, zodulidwa mofanana ngati buledi. Moto usanayake n'komwe, mayi aja anali ataika kale pambali ndowa ya madzi ndi bokosi la mankhwala. Nditawauza atsikanawo kuti kwathu nkhuni timatola tokha m'phiri n'kusenza mtolo pamutu, aliyense anafuna kuyesa. Ndinawapindira mpango wanga kukhala nkhata. Mmodzi anayenda pang'ono ndi chikuni chimodzi pamutu, manja ali tambasu, anzake n'kumuombera m'manja ngati wakhoza mayeso.

Mayi aja ankandimvera chisoni chifukwa cha kuzizira. Anandifunditsa bulangete, posakhalitsa n'kubweretsanso lina. Ndinawauza kuti ku Dedza mwezi wa Juni madzi a pachitsime amaluma zala, koma anangondisisita paphewa ngati mwana wodzitama.

Atsikanawo anabweretsa timaswiti tofewa toyera, tobaya pakamtengo n'kuwamba pamoto. Ine ndinatulutsa thumba la mbatata.

"Izi kwathu timazitcha ailishi," ndinatero.

"Ailishi? Dzina la mtundu wathu?" anakuwa wina wa magalasi. "Ndiye kuti kwanu mumadya ife?"

"Timakudyani ndithu. Pa Chimbiya timakugulitsaninso m'mbali mwa msewu, m'zidebe."

Anaseka mpaka wina kugwetsera siwiti yake pamoto. Mbatata zija ndinazikwirira m'phulusa lamoto, mayi aja akufunsa ndi nkhawa ngati sindizikulunga kaye m'pepala lonyezimira.

Podikira kuti zipse, ndinawaimika mozungulira moto kuti tivine chimtali. Nyimbo ndinaiyambira pamwamba kwambiri, mawu anga n'kuthyokera panjira. Iwo anayesa kuti ndi mmene imayimbidwira, choncho akafika pamenepo onse ankathyola mawu ngati nkhuku yogwidwa pakhosi. Sindinawakonze. Vuto lalikulu linali chiuno. Ankagwedeza mapewa, mutu ndi maondo, chiuno chili phee. Amene anatidabwitsa ndi mayi aja. Anavula jekete, kulimanga m'chiuno, n'kulowa pakati. Ndinapezeka ndaimba nthungululu, ndipo agalu a pafamu yoyandikana nafe anayankha.

Pamene tinkavina ndinaona mtsikana wina wamng'ono atakhala yekha pachipika, atabisa manja m'juzi. Anzake anandinong'oneza kuti aka kanali koyamba kugona kutali ndi kwawo. Ndinamupatsa kamtengo n'kumuuza kuti iyeyo ndiye mwini mbatata, azizitembenuza. Anagwira ntchitoyo mosamala, misozi ili mbwembwembwe.

"Ukulira?" ndinamufunsa.

"Ayi, ndi utsi."

Patapita kanthawi anandifunsa ngati kwathu n'kutali. Ndinati n'kutali. Anafunsanso ngati amayi anga amadziwa kuotcha mbatata. Ndinayamba kumufotokozera mmene amayi amazifukulira ndi zala zokha, osapsa, n'kumaziponya m'manja uku akutikalipira kuti tifutuke pamoto, koma ndinalekezera panjira n'kuyamba kupukuta m'maso. Mwana uja anandiyang'anitsitsa.

"Nanunso ndi utsi?"

"Eya, mwanawe. Nkhuni za m'sitolo zimafuka kwambiri."

Anagwedeza mutu movomereza, n'kusendera kufupi kuti tifunde bulangete limodzi.

Mbatata zinatuluka zakuda bii. Atsikana anaziyang'ana mokayika mpaka mwini mbatata uja atanyema imodzi, nthunzi n'kutuluka, mkati muli mbee. Tinathira mchere. Posakhalitsa milomo ndi masaya a onse zinali makala okhaokha, mayi aja akuyendayenda ndi timapepala topukutira tomwe panalibe wotifuna. Wa magalasi uja anadya zitatu, akuti akufuna adziwe kukoma kwa abale ake.

Kenako kunayamba kuwaza kamvula, onse n'kuthamangira m'matenti akukuwa. Ine ndi mwana uja tinatsalira kufukula zotsala. Ndinamuonetsa kuika imodzi m'thumba lililonse la jekete kuti manja afunde, ndipo anapita kutenti kwake akuyenda monyang'wa, matumba atatukumuka.