Mayina amene anagwera ku danga la akufa

A Eduardo ndawadziwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Zimene ndikulemba pano ndinaziona ndi maso anga, ndipo pamene ndinangomva ndinena kuti ndinangomva.

Anafika ku Mangochi mu 1988 kudzera ku Chiponde, pothawa nkhondo ya ku Mozambique, ali ndi khutu limodzi. Linalo anawadula anthu amfuti amene anaimitsa basi pa msewu wochokera ku Lichinga n'kuitentha anthu ena ali momwemo. Iwo anawasiya amoyo kuti akaonetse anzawo balalo. Kwawo ku Lichinga ntchito yawo inali yosanja zilembo zachitsulo zosindikizira, choncho Che Osmani anawalemba ntchito pa malo awo osindikizira pa boma, pamene ine ndinkadula mapepala ndi kusoka mabuku. Ndikawayankhula kumbali yopanda khutu ankati, "Che Sulemani, khomo limenelo linatsekedwa, zungulirani kuseri."

Mu 1992 bungwe lina lothandiza othawa nkhondo linatipatsa kompyuta ndi ntchito yosindikiza kabuku ka anthu osowana ndi abale awo. Tsamba lililonse linagawidwa pakati. Danga loyamba, la kumanzere, linali la amoyo ndi kumene ali. Danga lachiwiri linali la amene anthu anachitira umboni kuti anafa. Kumapeto kunali mayina onse, lililonse ndi manambala atatu: tsamba, danga, mzere. Manambalawo kompyuta inkaika yokha, ndipo dzina likasuntha inkawasintha yokha. A Eduardo ankaitama pa zimenezi. Koma makinawo sankadziwa kuti kumanja n'kumanda. Kwa iwo, danga loyamba likadzaza, zotsala zimasefukira m'danga lachiwiri, basi.

Tsiku losindikiza, kalaliki wa bungwelo anabwera ndi mayina ena a amoyo. A Eduardo anawalowetsa. Pa masamba ena dzina la pansi penipeni linakankhidwa n'kukakhala pamwamba pa akufa. Iwo anayang'ana ngati manambala akugwirizana ndi masamba, anapeza akugwirizana, tinasindikiza.

Timabukuto tinali tochepa. Kumatchalitchi, kumizikiti ndi polandirira ufa munthu mmodzi ankawerenga mokweza mayina akumapeto aja. Anthu anazolowera kumvetsera nambala yapakati yokha. Akamva "danga lachiwiri", maliro ankayambira pomwepo.

Ndi mmene Leticia, mayi wa ku Mozambique amene ankalima ku Chowe, anamvera za mwamuna wake Davide Simioni. Analira, anameta, ndipo patapita nthawi anakwatiwa ndi Dyson, msodzi wa ku Nkhudzi. Davide anali wamoyo ku msasa wina wa kumwera. Atabwera anapeza mkazi wake ali ndi pakati. Ndinangomva kuti anatema Dyson paphewa n'kuboola bwato lake. Zotsatirazi ndinalipo.

Davide analowa pamalo pathu osindikizira masana, chikwanje atachibisa m'thumba la ufa.

"Wolemba mayina ndani muno?"

"Ndine, achimwene," anatero a Eduardo akuseka. "Tikulembereni za ukwati kapena za maliro?"

"Za maliro munalemba kale. Ndine tsamba 9, danga lachiwiri, mzere woyamba. Ndadzuka."

Anayamba kutema kompyuta, galasi linamwazika. Kenako anatembenukira kwa a Eduardo. Iwo anatchinga ndi dzanja lamanja, zala zitatu zinagwera pa mapepala amene ndinali nditangodula. Kachiwiri chikwanje chinawatsegula tsaya mpaka mano kuonekera. Anagwa pakati pa tebulo ndi khoma, ndipo Davide anawaponda pachifuwa n'kukweza mkono kuti amalize. Ine ndinasolola chitsulo cha makina odulira n'kumumenya nacho. Fupa ndinalimva likuthyoka. Che Osmani ndi anthu a pamsewu anamugwetsa, anamupondaponda mpaka kusanza magazi, iye akungoti, "Ndinayenda wapansi kudzamutenga. Mwandiika m'manda ndikupuma." Apolisi akanachedwa akanafera pakhomo pathu.

Kuchipatala a Eduardo anandituma kabuku kaja. Ndi dzanja lamanzere anatsegula tsamba ndi tsamba, akuyang'ana pamwamba pa danga lachiwiri. Anapeza amoyo asanu ndi awiri.

Che Osmani anati, "Akulu, nkhaniyi ithere pano. Analakwa ndi makina. Mukapita kwa enawo akakumalizani khutu latsalali."

"Makina anena zoona, Che Osmani," anayankha movutika chifukwa cha ulusi wa patsaya. "Dzina linali pamene ananenapo. Ine ndinawerenga manambala, anthuwo sindinawayang'ane. Sindibwerera kwathu mpaka banja lililonse litamva pakamwa panga kuti munthu wawo sanafe."

Ine ndinawauza kuti kumeneko n'kudzifunira imfa. Sanandimvere.

Nkhondo itatha anzawo anakwera malole kubwerera kwawo, iwo anatsala. Ntchito ya zilembo inathera pa zala zija, ndiye anayamba kugulitsa usipa wouma m'misika, akufunsa mayina. Sikuti kulikonse anawalandira bwino. Kufupi ndi Namwera mayi wina amene anali atachita kale sadaka ya maliro a mwana wake anawagumula mano awiri ndi munsi, kenako anakhala pansi n'kufunsa kuti mwanayo ali kuti. Ndinawaperekeza ulendo umenewo. Kwa Davide anapita kundende. Davide anawalavulira, koma iwo anaima pomwepo mpaka anamaliza mawu awo. Leticia anakhalabe ndi Dyson. Amene amanena kuti a Eduardo anakonza banja limenelo amanama. Palibe chimene chinabwerera m'malo mwake.

Mabanja asanu ndi limodzi anawafikira. Latsala la Joana Iddi. Mayi ake, a Abiba, anachoka ku Chowe akudziwa kuti mwana wawo anafa, ndipo palibe amene akudziwa kumene analowera. Joana nayenso anachoka pamsasa pamene analembedwa.

A Eduardo tsopano akalamba, amakhala ku Chembe kwa mwana wawo wamkazi. Wamalonda aliyense wochokera kutsidya ku Mozambique amamuimitsa, n'kumutembenuzira khutu lija kuti amve bwino yankho. Mwezi watha ndinawauza kuti a Abiba ayenera kuti anamwalira kalekale.

"Mwaona manda ake, Che Sulemani?"

Ndinati ayi.

"Ndiye musawaike kumanja. Ndikadali nawo mawu awo."

Ku Lichinga sanapondeko mpaka lero.