Mzere wa M'chiuno mwa Mwana Wanga

Mwana wanga anali ndi miyezi isanu ndi iwiri pamene anatentha thupi n'kuyamba kukana bere. Bambo ake anali kuntchito, ndiye ndinamukulunga ndekha n'kutsika masitepe a nyumba yathu ku Dennistoun, kuno kudziko la azungu, ulendo wa kwa GP, dokotala wa m'dera lathu.

M'chiuno mwake munali kamkuzi ka ulusi wakuda. Anamumanga ndi apongozi anga atabwera kuchokera kumudzi kudzaona mdzukulu. Kanalibe mankhwala ayi. Iwo anangoti, "Kakayamba kuthina udziwe kuti mwana akukula, ndiye uzikamasulako." Ine kuthinako kunkandisangalatsa, zomasula ndinazengereza.

Kutchalitchi azimayi anali atandichenjeza kale. "Kuno mwana si wako wekha, ndi wa boma. Akangoona chachilendo pathupi pake, a sosho, aja oona za ana, amadzamutenga." Aliyense anali ndi nkhani ya munthu amene analandidwa mwana, ngakhale palibe ankamudziwa dzina. Ine ndinkakhulupirira zonsezo. Choncho nditafika pachipatala ndinayamba ndalowa m'chimbudzi, ndinadula kamkuzi kaja ndi mano n'kukabisa m'thumba la jekete. Apo m'pamene ndinauona mzere. Unazungulira chiuno chonse, wolowa m'kati, pena wofiira. Ndinaupaka malovu, ndinausisita, koma osachoka.

Amene anatiitana sanali adokotala athu a masiku onse. Anali mtsikana wa tsitsi lofiira, nkhope ngati wa Fomu 4. Anati ndi wophunzira, atangomaliza sekondale analowa sukulu ya udokotala osadutsira kwina, digiri ndi udokotala ulendo umodzi, ndipo akufuna kudzakhala dokotala wa m'dera ngati momwemuno. Anapempha kuti ayambe ndi iyeyo kumuona mwana. Ine wa Sitandade 8 ndikanakana bwanji? Mumtima ndinatinso bola, mwana wasukulu saona zambiri.

Ndinadzinamiza. Adokotala akuluakulu amathamanga, koma uyu ankachita chilichonse chimene anaphunzitsidwa, osadumphapo. Anayeza kutentha, anasuzumira m'makutu, anamvera pachifuwa, kenako anati ndimuvule mwana. Thewera ndinalikwezera m'mwamba dala. Analitsitsa yekha.

"Apa pachitika chiyani?"

"Sindikudziwa."

"Mwauona liti mzerewu?"

"Sindinauone."

Ndinkayankha nditayang'ana pansi. Iye analemba chinachake, makutu ake atafiira psuu. "Ndikukaitana adokotala. Chonde musachoke."

Anatuluka n'kutseka chitseko. Ndinaganiza zothawa, koma nambala ya nyumba yathu inali pa kompyuta patsogolo panga. Ndinaganiza za bambo ake akubwera kuntchito n'kupeza kabedi kopanda munthu. Ndikawauza chiyani? Nanga apongozi pafoni? Mwana anagwira kolala ya bulauzi yanga, thupi lake lotentha ngati mbaula, ndipo ndinamufinya mpaka analira.

Analowa awiri. Adokotala aja, mayi wa imvi, anakoka mpando n'kukhala pafupi nane.

"Mayi, mwana wanu ndi wonenepa, waukhondo, ndipo sakufuna kukusiyani. Zimenezo ndaziona. Koma mzerewu sunabwere wokha. Mukapitiriza kunena kuti simukudziwa, ndiyenera kufunsa anthu ena. Mukandiuza, mwina tithana pompano."

Ndinapisa dzanja m'thumba. Ndinatulutsa kaulusi kaja, kakadali konyowa, n'kukaika patebulo. Chingerezi changa chonse chinabalalika, komabe ndinafotokoza za apongozi, za kuthina, za m'chimbudzi muja. Adokotala anakatenga n'kukayeza m'chiuno mwa mwana. Kanakwana ndendende mumzere muja, ndi mfundo yomwe.

"Ndiye kamagwira ntchito ya sikelo?" anafunsa wophunzira uja.

"Eya, sikelo ya kwathu."

"Ifenso tili nayo apo," anatero adokotala, "ndipo yathuyo siluma."

Sindinaseke. Adokotala anati kutenthako ndi chifukwa cha khutu, anandilembera mankhwala akumwa ndi odzola pakhungu. Anatinso asamangidwenso chothina, ndipo zonsezi azilemba m'failo, namwino woyendera ana adzabwera kunyumba kudzaona.

Ndikumuveka mwana, mtsikana uja anandigwirira jekete. "Bwanji simunangondiuza?"

"Ndinaopa kuti mundilanda mwana."

"Inenso ndinaopa," anatero motsitsa mawu. "Ndinati ndikakhala chete, n'kupezeka kuti wina akumuzunzadi, ndidzatani?"

Ndinangolandira jekete yanga. Panthawiyo ndinali ndisanamukhululukire.

Sabata yonseyo belu la pakhomo likalira ndinkayamba ndasuzumira pawindo. Ndinkakolopa nyumba kawiri patsiku, ndinachapa ndi zochapa kale. Namwino anabwera Lachinayi m'mawa, mvula ikugwa. Anamuvula mwana, anaona kuti khungu lapola, analemba mizere iwiri m'buku lake, anamwa tiyi theka n'kutsanzika. Ndinatseka chitseko. Ndinakhala pansi pomwepo pakati pa nsapato, mwana ali pamiyendo akundikoka ndolo.