Sopo wa M'kati

Chaka chachiwiri cha ukwati wanga ndinkachapa nsalu za pabedi pa loji ina ku Chintheche. Amuna anga anali Atonga a ku Bandawe, asodzi. Ine mlendo wochokera kumtunda, wa Chitonga chopunduka. Ndi chaka chimenecho pamene chikazi changa chinasintha. Chinayamba kutuluka chotuwa, chamadzimadzi, chonunkha ngati usipa wogonera. Kudera loti aliyense amanunkha nsomba ndinkaganiza kuti ndibisala, koma munthu wogona naye mphasa imodzi sungamupusitse.

Vutoli linali ndi kayendedwe kake. Ndikachoka kumwezi linkakula, tikakhala malo amodzi linkanyanya, kenako linkazilala milungu ingapo mpaka ine kuiwala. Likabweranso, amuna anga ankatembenukira kukhoma. Ankati akazi a pa loji amadziwika, alendo ndi ambiri. Ukwati unayamba kulendewera pamenepo.

Alangizi kwathu anatiphunzitsa kuti mkazi waukhondo amatawasa mpaka m'kati, ndi chala, kuti mukhale mouma. Ine pa ukhondo sindinkagonja. Ndinawonjezera: katatu pa tsiku, ndi sopo wochapira yemwe uja. Apongozi anati ndi mauka, nandipatsa mizu yoika. Ndinaikanso.

Kuchipatala ndinapita mochedwa, ndili ndi manyazi. Anamwino, mayi wachikulire, anandifunsa mmene ndimasambira, ndipo ndinafotokoza monyadira. Anandiuza kuti m'katimo mumakhala tizilombo tabwino tolondera, ndipo ine ndinkatipitikitsa tsiku lililonse, toipa n'kupeza malo. Anati vutoli limagwira ngakhale mkazi wa mwamuna mmodzi, ndipo limakonda kubwerera.

"Ama, imwani mapiritsiwa, koma sopo alekere kunja," anatero.

Ndinapsa mtima, osati ndi iwo. Nthawi yonseyo ndinkadzipweteka ndi khama langa lomwe.

Ndinasiya. Vuto lija linabwerako kamodzi nthawi ya mvula, kenako linatheratu. Ndinawafotokozera amuna anga zonse, ndikuyembekeza kuti apepesa. Anamvetsera akusoka ukonde. Za alendo sanazitchulenso, koma anati kwawo mkazi wosatawasa m'kati ndi wauve, ndipo mkazi wonyowa iwo samufuna. Ndisankhe.

Ndinaganiza masiku awiri, ndikuchapa ndi kusita monga mwa nthawi zonse. Tsiku lachitatu ndinapempha abwana a pa loji kachipinda ka antchito. Ndinali ndikuwakondabe amuna angawo.