Funso lako la m'chigafa

Tiyamike mwana wanga, akundilembera ndi mng'ono wako, koma mawuwa ndi anga. Dzulo pa esiteti kuno ku Kachebere bwana anakhala pansi ndi ife matenanti kumva madandaulo athu. Akuti nzeruyi inachokera ku kafukufuku wa ku yunivesite. Ndinakumbuka tsiku lija m'chigafa, ine ndikusoka fodya, iwe ukundijambula mawu pa kafukufuku wako wa ku yunivesite yomweyo. Unafunsa, "Ababa, kapitawo akakulakwirani mumakadandaula kwa ndani?" Ndinaseka, ndinati kwa amayi ako.

Dzulo palibe anatchula dzina lako. Ndinafuna kuimirira kuti ndiwauze, koma ndinangokhala pansi mpaka msonkhano unatha. Ndatopa, mwanawe. Ndiye ndikunenera pano, onse awerenge: funsolo analiyambitsa ndi malemu Tiyamike wanga. Gona bwino, bwanayo wayamba kuyankha.