Ndinazira pa Matabwa

Mgodi utatsekedwa, amuna anga anabwera kunyumba ndi bokosi la masipanala ndi mawu amodzi okha: ine ndi ana tipite ku Petauke. Iwo anali fitala, wokonza makina ku mgodiko, ndipo nyumba ya lendi sitikanaikwanitsanso. Anali atapeza galaja yakale ku Katondo, konkuno ku Kabwe, mwini wake atakalamba, ndipo ankati azikonza magalimoto m'menemo n'kumagona pa mpando wa galimoto mpaka zinthu zitayamba kuyenda.

Ine kumudzi sindinkakufuna. Khasu sindiliopa, ndinakulira pomwepo. Koma ndinali nditaona anzanga otumizidwa kumudzi kuti akadikire pang'ono, chaka chisanathe n'kumva kuti m'tauni muli wina akuchapa maovolosi. Mtima wanga ndi wapachala, choncho ndinawauza pamaso kuti maovolosi awo ndichapa ndine mpaka kufa.

"Nanga mugona pati, amake mwana?" anandifunsa. "Pansi pa galimoto?"

Ananditenga kukaona galajayo kuti ndigonje ndekha. M'malo moyang'ana zimene ankandionetsa, ine ndinaona makwerero pakona, ndipo ndinakwera osapempha. M'mwambamo munali chipinda chachikulu cha windo loyang'ana kumsika. Mtima unagunda ndi chimwemwe. Nyumba yosanja, chinthu chimene ngakhale akazi a mabwana a ku Highridge analibe! Ndinayamba kale kuona pamene ndiike bedi, pamene ndipachike makatani.

Vuto linali pansi pake. Anali matabwa akale, akuda ndi oyilo, okhakhala ndi obaya kumapazi. Pakati pake panali mipata yoti chala chimalowa, moti nditawerama ndinaona dazi la amuna anga pansipo.

"Mwana wokwawa sangakhale pamenepo," anatero ali pansi. "Mukapakonza, tikhala tonse. Zikakanika, basi ya ku Petauke mukuidziwa."

Ankaganiza kuti andimaliza. Ine ndinatsika makwerero aja ndikuimba.

Sabata imeneyo Kabwe yense anandidziwa. Ndinayamba ndi kalipentala wina wa Chibemba kumsika. "Awe mukwai, zulani onse tiike atsopano a mtengo wa mukwa," anatero. Atanena mtengo wake ndinamufunsa ngati matabwawo amabwera ndi nyumba yake yomwe. Anati ndiye tiyale pulayiwudi pamwamba pa akalewo, koma anavomera yekha kuti ikamwa madzi imafufuma, pamene ine ndine mkazi wokolopa m'mawa uliwonse. Mmisiri womanga wa kutchalitchi kwathu anati tithire simenti yopyapyala. Amuna anga atamva anati ngati ndikufuna kukhala wamasiye ndingonena, chifukwa simentiyo idzatsika ndi matabwa omwe n'kuwapeza pamutu.

Mlamu wanga, mtsikana wobadwira m'tauni amene mawu aliwonse amawathira Chingerezi, anabweretsa kachidutswa ka kapeti wa pulasitiki wamaluwa. Ameneyo anandilowa mumtima. Tinamuyala, mlamu n'kuyendapo monyada ndi nsapato zake za gogoda, chidendene n'kuboola kapeti n'kukodwa mumpata. Tinaseka mpaka misozi. Anyamata ogulitsa zitsulo zakale anandionetsanso lamba wa mphira uja ankanyamula miyala ku mgodi, wochindikala ngati chikopa cha mvuu. Ndinatsala pang'ono kumutenga, koma ankanunkha kukatentha, ndipo fumbi lotuwa la ku mgodi linali litamulowerera. Sindinafune mwana wanga azikwawa pamenepo n'kuika manja m'kamwa.

Nzeru inandipeza mu minibasi, ndikuchokera kwa msuweni wanga ku Mukobeko. Tikudutsa pa dambo ndinaona dothi lakuda bii, lonyezimira pamene ng'ombe zinaponda. Ndinamenya chitseko kuti nditsike, kondakitala n'kumanditukwana. Ndinalifinya m'manja, linali lomata bwino. Ndinadziseka ndekha. Ine wovutika ndi akalipentala, chikhalirecho ndinaphunzira kuzira ndisanamere mabere.

Mwayi wake, amuna anga anapita ku Lusaka kukasaka zipangizo za galimoto. Ndinabwereka wilibala, n'kuitana amayi awiri akwathu okhala ku Katondo komweko. Tinakwecha matabwa ndi phulusa, tinakhomerera misomali yotuluka, mipata yonse tinaitseka ndi ziguduli zong'amba. Kenaka dothi lija, losakaniza ndi mchenga pang'ono, tinalikweza m'zidebe pa makwerero. Tinazira chogwada, chobwerera m'mbuyo, tikuimba nyimbo za kwathu mpaka anthu a kumsika n'kumayang'ana pawindo. Litayamba kuuma ndinalikhulunga ndi mwala wosalala, m'mbali ndinadutsitsa mzere wa dothi lofiira. Pansi paja panasalala ngati m'mbale. Ndinagona chagada pamenepo ndikumva kuzizira kwake kumsana, ndipo sindinamvepo kukoma kotero chikwatiwire.

Amuna anga atabwera anakwera, n'kuima pa khwerero lomaliza. Anavula majombo okha, osauzidwa. Anadina ndi chala, anapondaponda ndi chidendene.

"Dothi pa matabwa," anatero akupukusa mutu. "Izi sindinazionepo."

"Mwaziona lero," ndinayankha. Mawa lake tinasamuka.

Ntchito yawo yoyamba yaikulu inali galimoto ya bwana wina wa ku Highridge, yofunika kumasula injini yonse. Anthu ena akanabwera kapena ayi malinga ndi mmene imeneyi ikanayendera. Injini ikamatulutsidwa m'galimoto imakwezedwa ndi tcheni, ndipo tchenicho m'galaja muja chinkakolekedwa pa mtanda wa denga. Denga lawolo ndiye linali pansi pangapo. Palibe mmodzi wa ife amene anaziganizira.

Ndinali m'mwamba ndikupinda zovala pamene ndinamva tcheni chikulira. Pansi panatsika pang'ono ngati ndaponda pa matiresi. Mng'alu unayambira kukhoma, n'kudutsa pakati pa mapazi anga, n'kuphukira ina m'mbali. Kenaka amuna anga pansipo anayamba kumenya ndi hamala. Kumenya kulikonse dothi langa linkadumpha n'kusweka, ziguduli n'kumasomphoka, zonse n'kumayoyokera pansi. Hamala inasiya. Kunangoti zii.

Ndinatsika kukaona. Injini inali ikulendewera, chivundikiro chake chochotsa, ndipo m'kati mwake, pa oyilo, munali mutadzaza dothi la kudambo ndi mchenga wanga uja. Amuna anga anaima pambali, mutu ndi mapewa zili mbuu. Sanandiyang'ane. Ndinabwerera m'mwamba n'kuyamba kumanga zovala za ana m'chitenje, ndikulira ndi mkwiyo, osadziwa woti ndimukwiyire.

"Amake mwana," anaitana patapita nthawi. "Tsikani ndi beseni lanu lalikulu lija."

Tinatsuka injiniyo ndi palafini, kachitsulo kamodzikamodzi, iwo akumasula ine ndikukwecha ndi mswachi wakale. Manja anga anasupuka. Ine ndinkangodikira kuti anene tsiku la basi.

Titamaliza anaitana anyamata a kumsika, n'kukankhira galimoto ija pabwalo. Anazika mapaipi atatu achitsulo, n'kuwamanga pamodzi kumwamba, n'kukolekapo tcheni chija. Atayesa kulimba kwake anatembenuka.

"Kamasuleni katundu uja, mukazirenso," anatero. "Ine ndizigwirira panja."

Munthu amene moyo wake wonse anagwira ntchito pansi pa malata a ku mgodi anakhala makaniko wa pabwalo, galaja ili chitsekulire kumbuyo kwake, yongosungiramo zida. Ndinkawaona pawindo langa lija atagona m'matope pansi pa galimoto, kalona kakang'ono kamene anamanga pamwamba kakudontha. Mvula yonse ya chaka chimenecho inathera pamsana pawo, ndipo sanandiwerengerepo ngakhale tsiku limodzi.